Tsiku Limene Thirakitala Inawira M'munda Mwathu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene bambo anga anapita ku Joni n'kungoti zii, osatumiza ngakhale moni. Tinatsala awiriwiri, ine ndi amayi, m'kanyumba kathu ka ku Chinsapo, ndipo amayiwo anali oyembekezera, mimba itafika poti kuwerama kuti atole supuni pansi inali ntchito yofuna kupumira. Munda tinali nawo, uko kumene nyumba zimathera, cha kumunsi kolowera kumtsinje, ndipo ndiwo unkatidyetsa chaka chonse. Koma mwezi wa Okutobala unali kutha, anzathu onse atamaliza kuunga mizere, wathu udakali ndi mapesi a chaka chatha. Amayi akayesa kugwira khasu, mzere umodzi usanathe ankakhala pansi atagwira msana. Ine ndinkalima ndithu ndikaweruka kusukulu, koma timizere tanga tinali toti nkhuku ikapalasa pang'ono tatha. Tonse tinkadziwa, ngakhale sitinkazitchula, kuti mvula ikapeza mundawo uli choncho, mwana wobwerayo adzabadwira m'nyumba ya njala.

Ine ndiye ndinali mwana wa mafunso, abale inu. Ndinkafuna kudziwa kumene magetsi amapita akazima, chimene chimalankhula m'wailesi, ndi amene amauza tambala nthawi. Amayi akatopa nane ankangoti, "Iwe Tadala, pakamwa pakopo sipachita dzanzi?" Sipankachita.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala Che Amidu ndi akazi awo, Asilamu ochokera ku Mangochi. Che Amidu anali dalaivala wa thirakitala pa famu ina ya cha kumsewu wa ku Mchinji, munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa kachipewa koyera kamene sindinakaonepo kali ndi fumbi ngakhale ntchito yawo inali ya m'fumbi. Ine ndinkawatcha ankolo. Tsiku lina madzulo anaima pa mpanda n'kuitana amayi.

"Amake Tadala, munda wanu uja ndauona. Bwana andilola kutenga thirakitala Loweruka. Koma ndi tsiku limodzi lokha, dzuwa likamalowa ikhale itafika ku famu, chifukwa mvula ikangogwa sidzatulukanso mpaka atamaliza zawo zonse. Ndidzakuungirani mizere."

Amayi anagwada pomwepo ndi mimba yawoyo, n'kuwomba m'manja. Ine ndinali nditayamba kale kufunsa ngati mwana wamkazi amaloledwa kukwera.

Loweruka lija kunacha ndi dzuwa laukali, lija loti ukaponda pansi wopanda nsapato umavina wosafuna. Ana a m'dera lathu anaithamangira thirakitala mpaka kumunda, koma wokwera pa madigadi, pamwamba pa tayala lalikulu, ndinali ine ndekha, poti ndinali mwini munda. Ndinkanjenjemera mano ndi kugwedezeka kwake, fungo la dizilo lili m'mphuno, koma pakamwa sipanatseke. Patsogolo pa chiwongolero panali kanthu kozungulira kagalasi, kokhala ndi kasingano.

"Ankolo, wotchi yanuyi bwanji ilibe manambala?"

"Si wotchi, ndi geji. Imandiuza ngati injini yatentha. Kasinganoko kakafika pofiirapo, ndiye kuti zinthu zavuta."

"Nanga kuti isatenthe mumaichita chiyani?"

"Imamwa madzi."

Ndinaseka mpaka ndinatsala pang'ono kugwa. Ndinkayesa akundiseleula monga akulu amachitira ndi ana. Chimakina chachitsulo, chomwa madzi ngati mbuzi? Iwo sanaseke, anangoloza kutsogolo kwa thirakitala kumene kunali chinthu chakuda chokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati sefa, n'kunena kuti imeneyo ndi rediyeta.

Titafika kumunda ananditsitsa. Anatsitsanso makasu a kumbuyo, ndipo dothi louma lija, lomwe linkakana khasu la amayi, linayamba kung'ambika n'kudziunjika lokha m'mizere yowongoka. Akakowa anabwera kaya kuchokera kuti, kumatola mphutsi kumbuyo. Amayi anakhala pansi pa mtengo wa mango, pambali pawo pali chigubu cha madzi akumwa a mumtsuko, atachikulunga ndi chiguduli chonyowa kuti asatenthe. Ndinawaona akumwetulira okha, chinthu chimene anali atasiya kuchokera pamene bambo anachoka.

Dzuwa litafika paliwombo, munda utatha theka, ine ndikutsatira kumbuyo pamodzi ndi akakowa aja, ndinaona kamzere konyowa pakati pa mapazi a matayala. Ndinawerama. Madziwo anali obiriwira, akutuluka nthunzi, ndipo ankanunkhira ngati switi. Ndinathamanga m'mbali mwa thirakitala ndikukuwa.

"Ankolo! Ankolo! Thirakitala yanu ikukodza!"

Phokoso linali lalikulu, sanamve msanga. Pamene ankatembenuka n'kuona manja anga, n'kuyang'ana pa geji, nthunzi inali itayamba kale kutuluka kutsogolo. Anazimitsa injini nthawi yomweyo. Kunangoti zii, kupatula kaphokoso ka chitsulo chotentha, thethethe, ndi madzi otsala akuwira m'kati. Anagwada n'kusuzumira pansi. Chitsa cha mtengo umene bambo anadula kale chinali chitabisala m'mapesi, ndipo chinang'amba paipi yakuda ya mphira yomwe imachoka kunsi kwa rediyeta. Pafupifupi madzi onse anali atathera m'munda.

"Usakhudze obiriwirawo," anatero osandiyang'ana. "Muli mankhwala, ndi poizoni. Kwirira ndi dothi, galu angadzanyambite."

Amayi anali atadzuka kale. Kwathu munthu wotopa ndi dzuwa sumufunsa ngati akufuna madzi, umangomupatsa, ndipo umamupatsa ozizira kwambiri amene uli nawo. Ndiye atamva kuti thirakitala yauma kukhosi, anavundukula chigubu chija n'kubwera nacho chothamanga, monga mayi wapakati angathamangire.

"Che Amidu, nawa madzi. Ndi ozizira bwino, a mumtsuko. Tsegulani ndithire."

Anali atatambasula kale dzanja kuti agwire chivindikiro cha rediyeta. Che Amidu, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, anakuwa: "Ayi! Madzi amenewo ayi! Chokani nawo!"

Amayi anaima chilili. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Tinali titakhala moyandikana ndi banja limeneli zaka zambiri, tikubwerekana mchere ndi machesi, koma amayi ankadziwa kuti pali zakudya zina za kwathu zimene a kuseri kwa mpanda sadya, ndipo mumtima mwawo nthawi zonse munali kamantha koti mwina ziwiya zathu amaziona ngati zodetsedwa. Anaika chigubu pansi pang'onopang'ono.

"Pepani," anatero motsitsa mawu. "Sindimadziwa kuti madzi a m'nyumba mwathu sayenera."

Che Amidu anawayang'ana kanthawi, osamvetsa. Atamvetsa, anagwira kukamwa. Kenako anatola chigubu chija, n'kukhala pansi chonjuta, n'kumwa, kumwa, kumwa, madzi akuyenderera m'ndevu mpaka pa malaya. Atapuma anati, "Amake Tadala, madzi okoma chonchi sindinamwe chaka chino. Kwa ine ndi abwino. Koma uyu," analoza injini, "pakali pano angamuphe. Galasi la nyali likatentha, dontho la madzi likagwerapo, limatani?"

"Limasweka," ndinayankha ine, ngakhale sanafunse ine.

"Ndiye injini ndi chimodzimodzi. Chitsulo chake chimang'aluka. Ndipo chivindikirocho mukanachitsegula, nthunzi ikanakusendani nkhope."

Amayi anaseka mwamanyazi, n'kudziphimba ndi nsonga ya chitenje. Koma kusekako sikunakhalitse, chifukwa potembenuka anaona zimene tonse tinali tisanazione. Cha ku Dzalanyama kumwamba kunali kutada bii.

Kudikira kuja sindidzakuiwala. Che Amidu anatulutsa chidutswa cha chubu chakale cha tayala, waya ndi pulayala m'kabokosi ka pansi pa mpando. Anadikira kuti paipi igwirike ndi manja, kenako anaikulunga ndi mphira ija mothinitsa, n'kumanga ndi waya uku ndi uku. Ine ndinali pamphuno pawo penipeni. Ndinafunsa ngati madzi amalowa m'moto wa injini, anati ayi, amayenda m'tinjira tawotawo tozungulira injiniyo, kutenga kutentha, n'kupita ku rediyeta kumene fani imawapepesera mphepo, akazizira n'kubwereranso. Ndinafunsa ngati satopa ndi kuzungulirako. Anati pali pampu yowakankha. Ndinafunsa amene amakankha pampuyo. Apa anandiyang'ana, n'kufunsa amayi ngati ndimagona usiku.

Atamaliza kumanga anaika chikhatho pa injini, n'kuchichotsa, n'kupukusa mutu. Anadikiranso. Amayi ankangoyang'ana kumwamba, kenako theka la munda losalimidwa, kenako kumwamba. Mphepo inayamba kutembenuza masamba a mango.

"Tadala, pita kuchitsime cha m'dimba," anatero pomaliza Che Amidu. "Thirakitala iyi ikauma chonchi imamwa zigubu zitatu za malita asanu. Ife tili nazo ziwiri, chathu chomangirira kumbuyochi ndi cha amayi akochi. Yamba wabwera ndi ziwirizo."

Ndinathamanga, china pamutu, china m'manja. Madzi a pachitsime chija anali ofunda ndi dzuwa, koma amatope. Che Amidu anapempha chitenje cha amayi cha pamwamba, n'kuchiyala pakamwa pa rediyeta ngati sefa, chifukwa akuti timabowo ta m'kati ndi tating'ono kuposa diso la singano ndipo matope amatitseka. Anandikweza pa tayala la kutsogolo kuti ndithire ndine. "Pang'onopang'ono, ngati ukumwetsa mwana wodwala." Ndinkamva madzi akutsika, kulukulu, kulukulu, kupita kumene maso anga sakanafika. Chigubu choyamba chinatha. Chachiwiri chikutha, madzi anakwera mpaka pakhosi pa rediyeta n'kuima pomwepo, mbee, akuonetsa nkhope yanga.

"Yadzaza!" ndinakuwa.

"Mulungu ndi wabwino," anatero amayi. "Tiyeni, Che Amidu, mvula iyo."

Che Amidu anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Yanama. Ndati imamwa zitatu."

"Koma taonani nokha, madzi ali pakamwa!"

"Ali pakamwa, koma sanafike m'mimba. Tadala, kathamangire chachitatu."

Apa ndiye amayi anapsa mtima. Anati chinthu chodzaza ndi chodzaza, iwo akhala akutunga madzi kuyambira ali kamtsikana ndipo ndowa sinawanamizepo. Anati mabingu akumveka kale. Kenako mawu awo anasweka, n'kuyamba kuchonderera: "Chonde, bambo, ingolimani pang'onopang'ono, enawo tithira pambuyo. Mukudziwa mmene ndililimu. Mvula ikagwa mundawu uli chonchi, ine nditani?"

Che Amidu anayang'ana pansi. "Amake Tadala, ndikailimitsa madzi osakwana, injini ipsa. Si yanga, ndachita kubwereka. Sindingathe."

Ndinathamangira kuchitsime mtima uli pawiri. Ndinkawamvera chisoni amayi, komanso, ndinene zoona, mutu wanga wonse unali pa funso limodzi: chigubu chachitatu chikalowa pati, chinthu chili chodzaza kale? Pobwera ndinapeza Che Amidu akufinya paipi ya pamwamba ndi dzanja, ngati akukama ng'ombe, ndipo pakamwa pa rediyeta pankatuluka thovu. Analiza injini motsitsa, chivindikiro chili chotsegula, n'kundiuza kuti ndiime chapatali pang'ono koma ndiziyang'ana. Anati m'tinjira tija munalowa mpweya pamene madzi anatayika, ndipo mpweyawo ndi umene wakhala pamalo pa madzi. Anatinso m'kati muli kachitseko kamene kamatseguka kokha injini ikafunda, ndipo kasanatseguke, madzi sazungulira monse.

Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa. Panatuluka thovu limodzi, lina, kenako kanthu kena ayi. Amayi anali atatembenukira kumbali, osafuna n'kuona komwe. Mwadzidzidzi madzi aja anangoti gwaa, kutsika onse ngati munthu wameza, pakhosi pa rediyeta n'kutsala pouma.

"Yameza! Amayi, yameza! Bwerani mudzaone!"

Ndinalumphalumpha ngati ndawina mpikisano. Che Amidu anathira chigubu chachitatu okha, pang'onopang'ono, injini ikulira, ndipo chinalowa pafupifupi chonse. Anasiya kampata pamwamba, akuti madzi akatentha amafufuma, ndiye amafuna malo. Anatseka chivindikiro, anasuzumira pansi kuona ngati chubu chija chikudontha, anayang'ana geji, ndipo pokhapo anakwera.

Analima ngati munthu wothamangitsidwa. Mizere inkabadwa umodzi pambuyo pa unzake, mphepo ikuulutsa mapesi, fungo la mvula lili ponseponse. Madontho oyamba anagwa akuluakulu, otalikirana, kumadzutsa fumbi. Amayi anaimirira, manja ali pachifuwa, milomo ikuyenda. Kenako kumwamba kunang'ambika. Dothi la kumunsi kwa munda wathu ndi lamakande, likanyowa limagwira ngati ulimbo, ndipo posakhalitsa matayala akuluakulu aja anayamba kuzungulira pamalo amodzi, kumaponya matope m'mwamba. Che Amidu anayesa kubwerera m'mbuyo, anayesanso kutsogolo. Atatero anakweza makasu n'kuitulutsa thirakitala m'munda isanatitimire. Chigawo chonse cha kumunsi, chimene chinkabereka chimanga chachikulu kuposa kwina konse, chinatsala chosalimidwa.

Anaima pafupi ndi mtengo wa mango, kachipewa kaja katanyowa n'kumamatira kumutu. "Pepani, amake Tadala. Ndiyenera kukaisiya." Amayi anangoti, "Zikomo, mwayesetsa," koma mawuwo anali ouma. Pobwerera kunyumba, mvula ikutimenya, ankalira mosabisa. Ankati nthawi yonse ija yodikira chitsulo kuti chizizire, ndi ina ija yodikira chigubu chachitatu, ikanakwana kumaliza munda wonse. Ankati anthu ena amamvera chisoni makina kuposa munthu. Ndinali ndi manyazi kuti ndinasangalala ndi kumeza kuja pamene amayi mtima unali kuwawa.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Titatuluka m'tchalitchi amayi anati tidzere kumunda, akaone ngati madzi sanakokolole mizere. Tinayenda titanyamula nsapato m'manja chifukwa cha matope. Tikuyandikira ndinamva kulira kwa makasu, ndipo ndinadabwa kuti ndani akulima tsiku la Mulungu. Titatulukira pa mtengo wa mango tinawaona. Che Amidu ndi akazi awo anali kumunsi kuja, matope mpaka m'mawondo, aliyense ndi khasu lake, akuunga mizere m'dothi lamakande lolemera lija. Anali atayamba mbandakucha, ndipo mizere yawo inali itatsala pang'ono kufika kumalire.

Amayi anaima, nsapato zili m'manja. "Che Amidu, n'chiyani chimenechi?"

Che Amidu anaweramuka movutikira, atagwira m'chiuno. "Ndinati ndidzakuungirani mizere. Sindinati thirakitala idzakuungirani. Ife lero si tsiku lathu lopemphera, ndiye tinati timalize."

Akazi awo anaseka n'kunena kuti amuna awowa khasu analigwira komaliza ali mnyamata, ndipo mizere yokhotayo ndi yawo, yowongokayo ndi ya iwo mayi. Amayi anasiya nsapato zija pambali. Anakhala pansi pa udzu wonyowa ndi zovala za kutchalitchi, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Tinabzala sabata yomweyo, munda wonse. Mchimwene wanga anabadwa chimanga chili m'mawondo, ndipo chaka chimenecho sitinagone ndi njala.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chimene ndinaphunzira tsiku lija ndi cha madzi basi: kuti injini yotentha suithira ozizira, kuti uyenera kudziwa mlingo umene chinthu chimamwa m'malo mokhulupirira zimene ukuona pakamwa pake. Zimenezo n'zoona, ndipo mpaka lero, kuno ku Area 49 kumene ndimakhala, anyamata a pagalaja amadabwa munthu wamayi ngati ine ndikamawauza kuti ayambe aliza injini asanatseke rediyeta ya kagalimoto kanga. Koma china ndinachimvetsa mochedwa, nditakula, nditayamba kusungitsidwa zinthu za eni ake kuntchito, anthu ovutika akundichonderera ndi misozi yeniyeni kuti ndipindeko pang'ono. Che Amidu tsiku lija anali ndi zinthu ziwiri m'manja, injini ya mwini wake ndi lonjezo lawo kwa mayi wapakati. Kukanakhala kosavuta kuwotcha chinthu cha wina kuti aoneke wachifundo pamaso pathu, ndipo tikanawayamika. Iwo analola kuti amayi awaone ngati munthu wouma mtima usiku wonse, chinthu cha eni ake n'kuchibweza chili chamoyo, ndipo chifundocho anachilipira ndi thupi lawo. Manja a dalaivala sazolowera mpini. Lolemba m'mawa ndinawaona akutuluka pa mpanda kupita kuntchito, zikhatho zonse ziwiri atazikulunga ndi nsanza chifukwa cha matuza.